Telala wa Pakhonde la a Dullabh

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinapalasa makina
pakhonde la sitolo ya a Dullabh, kumunsi kwa Kopje,
fumbi la mabasi likundikanda kukhosi.
Ndine Zakeyu, wa ku Dedza.
Ndinabwera ndi Mthandizi, bulangeti kukhwapa,
ndikuti ndikhala zaka ziwiri basi.

Tarulata anali mwana wachitatu m'nyumbamo.
Masamu ankamuzonda.
Akamuika pakauntala ankabweza chenji chopitirira,
maso ali kuseri kwa malisiti
komwe ankalembako anthu:
mayi wogula mabatani awiri Lachisanu lililonse,
wapolisi wokonda ngongole,
ndi ine.

Mafunso ake anali ngati ulusi wa bobini yatsopano.
A Zakeyu, kwanu n'kutali?
Nanga bwanji simupitako?
Ine ndinkangodula ulusi ndi mano.

Atakana mnyamata wa ku Belvedere, wogulitsa matayala,
anamukweza ndege, akaphunzire ulemu
kwa azakhali ake ku Surat.
Ndinamusokera chikwama cha zigamba zotsala
usiku umodzi, osauza bwana.

Mbiri yake inkatipeza modontha, ngati mpopi wa ku Mufakose.
Akuti akuphunzitsa ana ku Bombay.
Akuti buku loyamba alikana osindikiza khumi ndi mmodzi.
Lachiwiri latuluka, ogula ndi abale okhaokha,
nawonso akwiya atadzipeza m'katimo.
Akuti wakwatiwa. Akuti banja latha.
Kenako zii, zaka zisanu ndi zinayi,
moti bambo ake anamwalira akunenabe kuti
mwana uja anaononga malisiti pachabe.

Chaka chatha mlongo wake anandiimitsa mumsewu wa Kaguvi.
Sitolo ija pano amagulitsamo mafoni.
Anandionetsa chithunzi: mayi wa imvi mbuu,
atanyamula mphotho yagalasi ngati mwana wa eni,
anthu a masuti ataimirira, akuomba m'manja.
Mano ake otalikirana aja ndi omwe ndinazindikira.
Anandipatsanso buku, lolemera ngati simbi yamakala,
nati, mulimo.

Maso anga anathera pa bowo la singano.
Amandiwerengera ndi mdzukulu wanga Tsitsi
(kuno dzinalo ndi chifundo, kwathu ndi za pamutu),
madzulo, magetsi akatikumbukira,
akutembenuza Chingerezi m'Chichewa chake chopindika,
mawu akamuthawa n'kubwereka a Chishona.

Ndilimodi.
Anandisintha dzina, anandifupikitsa,
anandipatsa chifuwa chomwe sindinadwalepo.
Analemba kuti telala uja sankayankhula
chifukwa chisoni chinamusoka pakamwa.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Mwana iwe, m'kamwamo munali mapini!
Ndiye anthu ophunzira a kutsidya kwa nyanja
apereka mphotho chifukwa cha mapini anga.

Koma patapita masiku anayi tinafika pa tsamba lina.
Telala uja ali ndi kalata pansi pa chivundikiro cha makina,
ya amayi ake, yopempha ndalama ya malata,
yomaliza ndi mawu akuti bwera tidzakuone.
Amaitulutsa nthawi ya nkhomaliro, osaitsegula,
n'kuibwezera pomwepo.
Sanayankhe. Malata sanagulidwe.
Uthenga wa maliro unamupeza akupinda thalauza la wina,
ndipo analimaliza.

Zimenezo sindinauzepo munthu,
ngakhale malemu mayi a ana anga.
Kamtsikana ka zaka khumi, kolephera kuwerenga chenji,
kankandiona pagalasi la sitolo.

Tsitsi anasiya chala pamzere.
Sekuru, izi n'zoona?
Ndinati pitiriza, magetsi apita posachedwa.

Ine ndayeza anthu moyo wanga wonse,
tepi m'khosi, choko kukhutu,
ndipo ambiri ankabwerera kudzadandaula.
Uyu anandiyeza osandikhudza.
M'mapewa mwathina, mkono umodzi watalika,
nsalu yake si yomwe ndikanasankha.
Komabe ndavala.
Mawa tiyambira tsamba 214.